Semesita ya ku Ulaya ndi Zimene Imachita pa Munthu

Semesita ya kunja ndi dongosolo la maphunziro limene wophunzira amachoka pa yunivesite yake n'kukaphunzira kudziko lina kwa miyezi inayi kapena isanu, kenako n'kubwerera kwawo kayankhulidwe katasintha. Mwalamulo amakhalabe wophunzira wa sukulu yakwawo. Fizi amalipira komweko, digiri adzalandira komweko, ndipo kunjako amangokhala mlendo wokhala ndi chiphaso. Dongosololi limatchedwa kusinthana ophunzira chifukwa sukulu ziwiri zimapangana kuti iyi itumiza ake, inayo itumizanso ake. Wolemba danga lino, amene anatumizidwa ku sukulu ina ya zamalonda ku Netherlands ndipo ndiye chitsanzo chachikulu m'nkhani ino, akudikirabe kumva za mwana wa Chidatchi amene anabwera kudzagona pa bedi lake ku hositelo.

Ku Ulaya dongosolo lodziwika kwambiri ndi la Erasmus, lomwe linayamba mu 1987. Dzinali ndi la Desiderius Erasmus wa ku Rotterdam, katswiri wamaphunziro amene anayendayenda ku Paris, ku England ndi ku Italy mpaka anakafera ku Basel mu 1536. Azungu amamulemekeza ngati tate wa kuphunzira moyendayenda, koma akanakhala wa ku Ntcheu abale ake akanangoti anatchona. Mu 2014 dongosololi linakula n'kukhala Erasmus+, ndipo kuyambira 2015 linatsegulira khomo ophunzira ochokera kunja kwa Ulaya, kuphatikizapo a mu Africa. Wosankhidwa amapatsidwa ya ulendo komanso mayuro pakati pa 800 ndi 900 pa mwezi, malinga ndi dziko limene akupita.

Ndalama imeneyi ili ndi matanthauzo awiri. Ikasinthidwa m'makwacha pa foni ya malume imadutsa miliyoni, ndipo mwanayo amasanduka mzati wa banja asanakwere n'komwe ndege. Ikafika m'manja mwa mwini nyumba ku Netherlands, kumene zipinda za ophunzira zimasowa chaka ndi chaka, theka lake kapena kuposa apo limapita pa lendi ya kachipinda kamene munthu akatambasula manja amakhudza makoma onse awiri. Matanthauzo awiriwa sanakumanepo, ndipo kuyesa kuwayanjanitsa pa WhatsApp kumabala mbiri yoti mwana uja wayamba matama.

Ulendo umayamba ndi mapepala. Lalikulu ndi pangano la maphunziro, losainidwa ndi wophunzira, sukulu yake ndi sukulu yomulandira, losonyeza maphunziro amene akatenge. Semesita yathunthu ndi makirediti 30 a muyeso wa ku Ulaya wotchedwa ECTS, ndipo ku Netherlands kirediti imodzi ndi maola 28 a ntchito. Onse pamodzi ndi maola 840, nambala imene wophunzira amasaina mosekerera chifukwa maso ake amakhala ali pa tikiti. Wokakhala masiku oposa 90 amafunikanso viza ya nthawi yaitali ndi chilolezo chokhalira m'dzikomo. Zikatheka zonsezi pamabwera mwambo wotsanzikana, pomwe pamakhala pemphero lalitali, jekete la pa kaunjika lolemera kuposa mwini wake, ndi pepala la azakhali lolembedwa mbali zonse ziwiri: foni, nsapato nambala 7, mafuta onunkhira, ndi "china chilichonse chimene mtima wako ukuuze".

Malamulo a European Union saloleza wapaulendo kulowetsa nyama kapena mkaka m'chikwama chake, koma nsomba zouma amaloleza mpaka makilogalamu 20. Izi zikutanthauza kuti usipa umalowa pa bwalo la ndege la Schiphol mwaulemu wonse, popanda kuzemba. Vuto la usipa limayamba pambuyo pake, m'khitchini yogawana ndi ophunzira a maiko ena. Nyumba za kumeneko zili ndi alamu ya utsi padenga, kachipangizo koyera kamene sikasiyanitsa moto ndi ndiwo. Pa tsiku limene wolemba danga lino anakazinga usipa koyamba, nyumba yonse inatuluka panja ndi zovala zogonera, iye ali pakati pawo, mthiko uli m'thumba la jekete, akuthandiza anzake kudabwa kuti kodi wayambitsa zimenezi ndani.

Kayendedwe ndi ka njinga. Netherlands ili ndi njinga zambiri kuposa anthu, ndipo Mark Rutte, amene anakhala nduna yaikulu kuyambira 2010, anachoka pa ofesi yake mu July 2024 akupalasa. Misewu ya njinga ndi yakeyake, yambiri ndi ya phula lofiira, ndipo mlendo amene waimapo kuti ajambule chithunzi amaphunzira mawu achidatchi amene sapezeka m'mabuku. Njinga zambiri zakumeneko zilibe mabuleki a m'manja, munthu amaima popalasa chobwerera m'mbuyo. Luso limeneli limalowa m'miyendo pang'onopang'ono, nthawi zambiri munthu atagundana kale ndi mpanda. Chopweteka kwambiri n'chakuti wophunzira wa kwathu amakhala atalimbikira sukulu zaka zonsezi kuti atsike pa njinga. Chithunzi choyamba chikafika kumudzi, agogo amafunsa modandaula ngati mwanayo anawoloka nyanja zonsezi kuti akayambe kabaza.

Maphunziro a pa sukulu ya zamalonda amayendera kwambiri njira ya case study, imene inatchuka ndi Harvard Business School, komwe nkhani yoyamba yotere inalembedwa mu 1921 ndipo inali ya kampani ya nsapato. Ophunzira amapatsidwa masamba ofotokoza kampani imene ili pa mavuto, n'kufunsidwa chimene akanachita iwo akanakhala bwana wamkulu. Yankho lolondola palibe, ndipo m'maphunziro ena gawo la malikisi limachokera pa kuyankhula m'kalasi. Kwa munthu amene analeredwa ndi lamulo loti mphunzitsi akamayankhula mwana amakopera, iyi ndi nkhanza. Munthu amene alibe ndalama ya basi amauzidwa kuti agamule ngati kampani igule inzake pa mtengo wa mabiliyoni. Amayamba kumanga chiganizo chake mumtima, kuchiyeza, kuchotsa apa, kuwonjezera apo, n'kuchiyamba ndi mawu othokoza mphunzitsi chifukwa cha funso labwino. Pamene dzanja likukwera, kalasi imakhala itapita kale pa kampani ina.

Ulemu nawo umasokonezeka. Ophunzira ambiri achidatchi amaitana mphunzitsi ndi dzina lake loyamba, n'kumutsutsa pamaso, chipewa chili kumutu. Wolemba danga lino anapirira semesita yonse akunena kuti "Bwana Professor" ndi kulandira mapepala ndi manja awiri, bondo litapinda pang'ono, mpaka mphunzitsi wina wachifundo anamufunsa pambali ngati mwendo ukumuvuta.

Chida chimene sichisowa m'kalasi ndi mphamvu zisanu za mpikisano zimene Michael Porter anafalitsa mu 1979: opikisana nawo amene alipo kale, atsopano amene angalowe, mphamvu ya ogula, mphamvu ya ogulitsa katundu kwa iwe, ndi katundu wina amene angalowe m'malo mwa wako. Mayi aliyense wogulitsa tomato pa Lizulu amazidziwa zisanu zonsezi ndipo amazithetsa dzuwa lisanafike pamutu, kungoti alibe projekita. Pali tsiku limodzi lokha limene wophunzira wa kwathu safunika kukweza dzanja, ndilo tsiku limene mawu oti Africa atchulidwa. Mitu yonse imatembenuka nthawi imodzi, ndipo munthu amene sadziwa bwino za boma loyandikana ndi lakwawo amasanduka mneneri wa maiko 54. Nkhani yake kawirikawiri imakhala ya M-Pesa, yomwe inayamba ku Kenya mu 2007. Wolemba danga lino anaifotokoza mwaukadaulo, potengera maola amene anakhala pa benchi pa bwalo la ndege la ku Nairobi akudikira ndege yolumikiza.

Ntchito ya pagulu ndiyo msana wa sukulu zamtunduwu. Gulu lililonse limakhala ndi mmodzi amene wakonza kale ndandanda ya misonkhano mpaka tsiku la mayeso, wina amene amaoneka pa tsiku loyamba ndi lomaliza basi, wina wodziwa kukongoletsa masilaidi, ndi wina amene ntchito yake ndi kuvomereza. Udindo womalizawu ulibe mpikisano, ndipo mlendo amaupeza mosavuta. Msonkhano wa 10 koloko umayamba 10 koloko, popanda kufunsana za kunyumba, za mvula, kapena za matenda a agogo. Adatchi amadziwika ndi kunena zinthu mosapsatira. Mnzako amatha kukuyang'ana m'maso n'kunena kuti gawo lako silabwino, ulembenso, kenako n'kukufunsa ngati ukufuna khofi. Kwathu mawu otere amadzera kwa munthu wachitatu, atakutidwa ndi miyambi, ndipo amatenga sabata kuti afike. Wolandira amayankha kuti zikomo kwambiri, n'kukagona osadya.

Khofi ameneyo si mphatso. Madzulo pa foni pamabwera uthenga wa Tikkie, pulogalamu imene Adatchi amakumbutsirana ngongole, wopempha mayuro awiri ndi masenti ake omwe. Mwambowu suonedwa ngati umbombo kumeneko, ndipo anthu amakhalabe pa ubwenzi. Wolemba danga lino anauyamikira kwambiri, mpaka anayesa kuwerengera mumtima ndalama zimene akanatolera kwa achimwene ake ndi alamu ake kuyambira ali Fomu 2. Anasiya atakumbukira amene anamulipirira fizi.

Palinso maphwando a networking, omwe cholinga chake ndi kudziwana ndi anthu a makampani. Munthu amaima ndi tambula m'dzanja, kunena dzina lake ndi zolinga zake m'masekondi ochepa, n'kupita kwa wina. Pamakhala timipira tokazinga ta nyama totchedwa bitterballen, tozizira kunja koma totentha ngati makala m'kati. Amene wabwera ndi njala ya tsiku lonse, popeza nkhomaliro ya Adatchi ndi buledi ndi tchizi, amaponya kamodzi m'kamwa pa nthawi yeniyeni imene bwana wa kampani akumufunsa za tsogolo lake. Misozi imene imatsatira imatengedwa ngati chizindikiro cha kudzipereka.

Bizinesi yeniyeni imachitikira kunja kwa kalasi. Ku Netherlands botolo laling'ono la pulasitiki limabwezedwa ku sitolo pa masenti 15, lalikulu pa masenti 25, ndipo kuyambira mu April 2023 zitini za zakumwa nazo ndi masenti 15. Makina amameza chitini, n'kulavula lisiti yokagulira zinthu. M'nyumba ya ophunzira, m'mawa wa Loweruka, katunduyu amapezeka wambiri ndipo eni ake amakhala ali m'tulo. Iyi ndiyo kampani yokhayo imene wolemba danga lino anaiyendetsa ndi phindu. Mpamba sunafunike, ogulitsa katundu analibe mphamvu iliyonse, ndipo msika unali wake yekha kufikira mnyamata wa chipinda choyandikana, amenenso ankaphunzira za Porter, anayamba kudzuka 6 koloko.

Semesita yoyamba m'chaka cha maphunziro imayamba chakumayambiriro kwa September, kunja kukuwala, n'kumalowa mumdima. Pofika December dzuwa limatuluka itadutsa hafu pasiti eyiti ndipo limalowa cha m'ma hafu pasiti folo, ngati latuluka n'komwe. Mvula yake ndi yamawawa, yobwera cham'mbali ndi mphepo, yosathandiza mbewu iliyonse imene mlendo akuidziwa. M'nyengo imeneyi nthawi ya kumeneko imatsalira ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Malawi, choncho azakhali akaimba 5 koloko m'mawa asanapite kumunda, kufunsa za nsapato zija, foni imalira 4 koloko.

Malikisi amachokera pa 1 kufika pa 10, ndipo munthu amakhoza kuyambira pa 5.5. Kupeza 8 ndi chinthu chonyadira, 9 ndi wosowa, 10 amangomveka mbiri. Apa pali mwayi umene ophunzira a maiko ena alibe. Pa mayeso a MSCE nambala yaing'ono ndiyo yabwino, ndipo mapointi 6 ndiwo pamwamba penipeni. Wolemba danga lino atatumiza uthenga kumudzi kuti wapeza 6, kunaphedwa nkhuku, malume anayenda nyumba ndi nyumba, ndipo kutchalitchi kunaperekedwa chopereka chothokoza. Popeza kusokoneza chimwemwe cha akuluakulu ndi mwano, nkhaniyi inasiyidwa momwemo.

Pobwerera, chikwama cha makilogalamu 23 chimayenera kukwaniritsa pepala la azakhali, ndipo kawirikawiri chimadzaza ndi mabisiketi a stroopwafel, ogawidwa limodzilimodzi ndi mawu ofotokozera kuti amaikidwa pamwamba pa kapu ya tiyi kuti afewe. Zizindikiro za wobwera kumene n'zodziwika. Amayang'ana wotchi mu minibasi imene ikudikira kudzaza, amayamba ziganizo ndi "kumene ndinali kuja", amatchula malonda a mandasi a mlongo wake kuti start-up, ndipo amauza malume mosapsatira kuti ganizo lawo logula chigayo silabwino. Chizindikiro chomalizachi chimachira tsiku lomwelo. Zinazo zimatha zokha pakapita miyezi ingapo, kupatula jekete lija, limene limavalidwabe ngakhale mu October.

Sukulu yolandira imayenera kutumiza chikalata cha malikisi pasanathe masabata asanu zotsatira zitatuluka, ndipo sukulu yakwawo imasintha makirediti aja kuti alowe mu digiri. Pa CV, semesita yonseyi imatenga mzere umodzi. Wolemba danga lino anaitambasula kufika mizere itatu, ndipo ya zitini ija anailemba pansi pa mutu wa luso loyendetsa bizinesi ya zachilengedwe.