Ulemu kwa Bwana Went

Pa mawu onse a Chingerezi amene amatisowetsa tulo kuyambira ku pulayimale, palibe oyenera kuwaombera m'manja kuposa went. Lamulo limene aphunzitsi amayamba nalo ndi lomveka bwino: ukamanena zimene zinachitika kale, mneni umupatse kamchira ka -ed. Walk asanduka walked, cook asanduka cooked, mwana n'kusangalala kuti Chingerezi nachonso chimadziwa chilungamo. Sabata isanathe, mwana yemweyo alemba goed, cholembera chofiira n'kumugwera. Walakwanji? Wamvera lamulo basi. Ukulu wa went wagona pamenepa. Mwa iye mulibe chilembo ngakhale chimodzi chochokera kwa go, koma dziko lonse linavomereza kuti awiriwa ndi amodzi, ndipo wokayikira aliyense amalephera mayeso.

Went sanabadwire m'banja la go. Kwawo kwenikweni ndi kwa mneni wina, wend, amene masiku ano samveka kawirikawiri. Monga send amabala sent, wend naye ankabala went. Pa nthawiyo go anali ndi wake womuimira pa zakale, eode, amenenso anali wobwera. Cha m'zaka za m'ma 1400 went anakhala pampandowo ndipo sanadzukeponso. Mwini wake wend anatsala manja ali m'khosi, mpaka anakatola kamchira ka -ed ngati wina aliyense. Palibe bwalo limene linazenga mlanduwu, palibe amene anapepesa. Kulanda malo mwaukhondo chonchi, eni ake n'kumakuphunzitsa ana awo kusukulu, ndi luso lofunika kulilemekeza.

Tisaganize kuti went ali yekha. Aneni khumi amene amamveka kwambiri m'Chingerezi ndi be, have, do, say, get, make, go, know, take ndi see, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe pakati pawo amene amamvera lamulo la -ed. Be ndiye wanyanya: lero ndi am, is kapena are, dzulo anali was kapena were. Put ndi cut anangokana kusintha, dzulo ndi lero nkhope imodzi. Read anasunga zilembo zake zonse n'kusintha katchulidwe kokha, kuti wowerenga mokweza pagulu apunthwe anthu akuona. Tsono lamulo lija limagwira ndani? Limagwira aneni ang'onoang'ono osowa owadziwa, ndi alendo ongofika kumene: email anapatsidwa emailed tsiku lomwelo, osafunsidwa n'komwe. Zili ngati pa rodibuloko, pamene wa kabaza ndi wa minibasi amatsitsidwa kuti aonetse mapepala onse, galimoto la magalasi akuda likudutsa, wapachipata atanjenjemera ndi sawatcha. Amene amati galamala ya Chingerezi siphunzitsa za moyo sanaiyang'anitsitse.

Wina anena kuti kumeneku n'kuzunza ana popanda chifukwa, ndipo aloza Chichewa chathu, m'mene ka -na- kamagwira ntchito mosakondera: ndinapita, ndinadya, ndinagona, wamkulu ndi wamng'ono muyeso umodzi. N'zoona, ngakhale mzungu amene akulimbana ndi chingwe changa, mbuzi yanga ndi kamwana kanga angakhale ndi mawu ake pa za chifundo chathucho. Koma wodandaulayo aganize: went atachotsedwa, anthu ophunzira adzadziwika bwanji? Chingerezi chikanakhala cha -ed yekhayekha, aliyense akanachimaliza m'teremu imodzi, ndipo m'bale wathu uja amene amakhala pafupi ndi wailesi kudikira kuti wina aphonye mneni akanasowa chochita madzulo onse. Malamulo a dziko lino amafuna kuti phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi, ndipo pamenepa went amatumikira mtundu kuposa komiti ina iliyonse, pakuti amatipatsa choseka pamene za msewu ndi mjigo zakanika.

Winanso anena kuti tingodekha, nthawi idzawongola zonsezi. Ali ndi umboni ndithu. M'chaka cha 2007 akatswiri a ku Harvard, motsogozedwa ndi Erez Lieberman, anasindikiza kafukufuku m'magazini ya Nature. Analondola aneni 177 amene sankamvera lamulo m'Chingerezi chakalekale, ndipo anapeza kuti patapita zaka mazana angapo anatsala 145, lero atsala 98. Help, mwachitsanzo, kale ankati holp, koma anagonja. Chimene wotitonthozayo satiuza ndi chakuti kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti amagonja msanga ndi amene satchulidwa kawirikawiri, pamene otchuka amalimba zaka zikwizikwi. Mawu amene mwana amawamva m'mawa, masana ndi usiku amakhazikika m'mutu lamulo lisanafike. Ndiye kuti kuyeretsaku kukuyambira kumunsi, monga mwa nthawi zonse. Ndipo ku America zinthu zinabwerera m'mbuyo: sneak, amene anali womvera, anayamba kudzitcha snuck, dive naye n'kukhala dove. Aona kuti kusamvera kumapatsa ulemu.

Koma chimene ine ndimachigomera koposa ndi ulemu wa went pamaso pa wamkulu mnzake. Did akangolowa m'chiganizo, went amanyamuka mwakachetechete n'kusiyira go malo. Munthu wavutika zaka kuti aiwale goed, waloweza went mpaka kumulota, ndiye pomwe akuti aonetse maphunziro ake n'kufunsa kuti did you went, holo yonse igwa ndi phwete. Chifukwa chake akuti did wasenza kale nthawi yakale, ndipo katundu mmodzi sasenzedwa kawiri. Tamvani nzeru zimenezo! Chiyankhulo chimene chimalola mneni mmodzi be kuyenda ndi maina asanu ndi atatu, mwadzidzidzi chayamba kudana ndi kuwononga.

Apa nthabwala imayamba kuwawa pang'ono. Kuti munthu alandire satifiketi ya MSCE ayenera kukhoza maphunziro angapo, ndipo Chingerezi chikhale pomwepo. Mtsikana amene masamu ndi sayansi amamwa ngati madzi akhoza kutsala pakhomo chifukwa cha lie, lay ndi lain, amene eni ake ku London ndi ku New York amawasokoneza tsiku ndi tsiku popanda wowalanda kanthu. Pomwepo bwana amene anasaina kalata yomukana ntchito aima pamsonkhano, tayi ali pakhosi, n'kulengeza kuti ofesi yake didn't received dandaulo lililonse, ndipo ife a mipando yakutsogolo, amene kunyumba timakalipira ana chifukwa cha goed, tiomba m'manja mpaka atakhala pansi.