Walira Mvula, Walira Matope

Mvula yoyamba ikagwa kumudzi kwathu, ana tinkavula malaya n'kumavina pabwalo. Agogo ankangotiyang'ana ali pakhonde, n'kunena kuti, "Vinani, adzukulu anga, koma walira mvula walira matope." M'mawa mwake ife tomwe tinkafika kusukulu titaterereka kawiri, kabudula ali mbuu. Zinanditengera zaka makumi atatu kuti ndidziwe kuti agogo ankanena za ndale.

Ndinazizindikira Loweruka pa 4 Okutobala 2025, tsiku limene a Peter Mutharika ankalumbira pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre. M'bwalomo sindinalowe, chifukwa mwendo wanga ndi chipwirikiti cha pageti sizigwirizana. Tinakaunjikana pa golosale ina ku Ndirande, pamene mwini wake anatulutsa kanema n'kumukhazika pa makireti awiri. Lamulo linali limodzi: wokhala pabenchi agule chakumwa. Ambiri tinasankha kuima, poti kukonda dziko sikulira mpando.

Pafupi nane panali azakhali anga, atavala chitenje cha buluu chatsopano, chonunkhira kusitolo. Azakhaliwa ali ndi sutikesi imene ikuposa buku lililonse la mbiri ya dziko lino. Pansi penipeni pali chachikasu cha 1994, pamene a Bakili Muluzi ankalowa. Pamwamba pake pali chalalanje cha nthawi ya mayi Joyce Banda, kenako cha tambala chimene anavina nacho mu 2020, a Lazarus Chakwera atapambana chisankho chobwereza chija. Chipani chikagwa, chitenje chake sachitaya. Amangochisintha ntchito. China chimatchinga zenera, china amayanikapo ufa, ndipo mwana wa mlongo wanga wakula ataberekedwa pankhope ya mtsogoleri wina, yozondoka.

Ndinawafunsa monong'ona kuti, "Azakhali, kodi si mvula yomweyi munkaithamangitsa mu 2020?"

"Iwe, khala chete," anatero osandiyang'ana. "Ija inali ya matalala. Iyi ndi ina."

"Nanga ya 2020 ija?"

"Inayamba bwino."

Apa sindinawatsutse. Mvula zonse zimayamba bwino, ndi kafungo ka dothi kaja. Matope amabwera pambuyo: mizere ya mafuta yogonera kufilingi, shuga wobisidwa kuseri kwa kauntala, kwacha kugwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndipo matope alibe chipani. Aliyense amene anakwezapo Baibulo pamaso pa mkulu wa oweruza milandu anatisiyira ake, mtundu wokha ndiwo umasiyana.

Komabe ndiulule chinthu chochititsa manyazi. Ndinapita kumeneko ngati munthu wozindikira, wokaseka anzake. Koma dzanja litakwezedwa, mawu a lumbiro akutuluka limodzilimodzi, golosale yonse inangoti zii. Wogulitsa chimanga chootcha anaiwala kutembenuza. Mnyamata wa kabaza, amene m'mawa womwewo anandidula mtengo, anandigwira phewa ngati mbale wanga. Asilikali ataguba, nthungululu zinasweka, ndipo m'maso mwanga munalowa kachitsotso. Ndikuti kachitsotso, chifukwa mwamuna wamkulu salirira kanema wokhazikidwa pa makireti.

Bambo wina wachikulire, amene aliyense ankadziwa kuti anavotera mbali ina, anaima kumbuyo manja atapinda. Nyimbo ya fuko itayamba anavula chipewa, ndipo anaimba mokweza kutiposa tonse, mwina pofuna kutikumbutsa kuti nyimboyo ndi yakenso. Itatha anati, "Tionana pa mtengo wa feteleza." Anthu anaseka, ngakhale a buluu, kuseka kwa anthu amene akudziwa kuti nsapato zawo n'zobooka.

Mawu a mtsogoleri ali mkati, magetsi anathima. Palibe anadabwa. Wina anatsegula wailesi ya pafoni, mitu makumi awiri n'kuweramira kachinthu kochepa ngati sopo. Malonjezo ankamveka patalipatali, monga mabingu a kuseri kwa phiri la Ndirande, oti sudziwa ngati akubwera kuno kapena akupita ku Chiradzulu.

Pobwerera, azakhali anavula chitenje chija, n'kuchipinda bwinobwino kuti chisade.

"Simuvala mpaka kunyumba?"

"Ayi, mwanawe. Nsalu iyi ndi yolimba. Zenera la kuchipinda lija lilibe katani."