Sukulu ya njinga zopanda keliyala

Msuweni wanga amasamalira maluwa kunyumba ina ku Cape Town, ndipo ndiye anandiuza koyamba kuti kuli anthu akuluakulu, andevu zawo, amene amalipira ndalama kuti aphunzitsidwe kukwera njinga. Ndinayesa akundiseweretsa. Kwathu njinga timaphunzira mobera: umadikira amalume agone tulo ta masana, n'kuikankhira kuseri kwa nkhokwe, ndipo satifiketi yake ndi zipsera za m'maondo.

"Asuweni, izi si njinga zopitira kuchigayo," iye anatero. "Ndi za m'mapiri. Ya abwana anga inapitirira R100,000, koma ilibe keliyala, ilibe belu, ilibe sitandi. Akafika amangoigoneka pansi ngati mbuzi yodwala."

"Nanga kuphiriko amakatenga chiyani?"

"Thukuta."

*

Oyamba kulembetsa kusukulu ya njingayi anali adona, akazi a abwanawo. Gulu la ongoyamba kumene silipita n'kuphiri komwe. Amawasonkhanitsa pabwalo la kapinga n'kuyamba kuwauza za buleki yakutsogolo, imene aliyense amaiopa ngati apongozi. Mphunzitsi anafotokoza kuti buleki imeneyi ndiyo imaimitsadi njinga, chifukwa ukamaima thupi lonse limakankhikira kutsogolo ndipo tayala lakumbuyo limapepuka, limangokhwekhwereza. Chinsinsi chake ndi kagwiridwe. Chala chimodzi chokha, kufinya pang'onopang'ono, monga mayi amafinyira phwetekere pamsika wogulitsa asakuona.

Bambo wina wamimba yake anamva bwinobwino, anagwedeza mutu, n'kufinya ndi zala zinayi. Njinga inaima. Iye sanaime. Atadzuka, udzu uli m'kamwa, mphunzitsi anatembenukira kwa enawo nati: "Mwaona? Ndimanena kuti imagwira."

Pamenepa ine sinditsutsa, ndalamayo ikugwira ntchito. Munthu wongoyamba kumene akagwera pakapinga pamaso pa mphunzitsi, wapulumutsa mano amene akanakawasiya pamwala.

*

Nkhani ya buleki ili ndi msampha wina. Ku Britain buleki yakutsogolo imakhala kudzanja lamanja, ku America imakhala kumanzere. Mlendo wina wa ku America anabwereka njinga ya mnzake wa ku London osafunsa, nafika pamtsetse, nakoka dzanja lamanja ndi mtima wonse poganiza kuti akugwira yakumbuyo. Anali atabwera kudzaona Africa. Anaiona pafupi kwambiri.

*

Phunziro lachiwiri: njinga imapita kumene maso akuyang'ana. Ukaona mwala, usauyang'anitsitse, yang'ana mpata wodutsapo. Mphunzitsi anawatengera panjira yotakata, moti ngolo ziwiri zikhoza kusemphana bwinobwino, pali mtengo umodzi wokha cham'mbali. "Mtengowo musauyang'ane," anatero. Anthu atatu anauwomba motsatizana. Wachinayi anawomba wachitatu, pakuti ankayang'ana mmene mnzakeyo wagwera.

Msuweni wanga akuti nzeru imeneyi anaiphunzira ulere pa kabaza. Mnyamata wopalasa anaona mtsikana wogulitsa mandasi m'mbali mwa msewu, maso anapita, handulo inatsata, onse awiri anakathera m'beseni. Analipira mandasi 40, anadya awiri okha.

*

Tsopano abwana eni ake. Awa ndi a gulu lapakati, ndipo gulu limeneli ndilo lovuta kuposa onse. Apalasa zaka 10, sagwa pafupipafupi, ndiye m'mutu mwawo anamaliza kale sukulu. Adona atawauza kuti nawonso akalembetse, anayankha kuti mphunzitsiyo anali asanamere mano pamene iwo ankatsika mapiri a ku Tokai. Paja ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Matenda a gulu lapakati amadziwika. Amagwira buleki ali kale m'kati mwa kona m'malo mogwira asanafike. Mikono amaiwumitsa ngati akukankha wilibala ya simenti. Pamtsetse amathawira kumbuyo kwenikweni kwa chishalo, tayala lakutsogolo n'kukhala lopanda mwini. Ndipo akagwa, olakwa si iwo ayi, ndi njinga. Abwanawa akagwa Loweruka, Lolemba amagula matayala atsopano. Akagwanso, handulo yatsopano. Ulendo wina anagula chishalo chotsika ndi kukwera ukangodina kabatani, nagwa nacho tsiku lomwelo chifukwa anadina poti asadine.

Amene amapindula ndi msuweni wanga. Zonse zochotsedwazo amapatsidwa iye, iye n'kuzitumiza kumudzi pa basi. Panopa amalume ku Mulanje ali ndi njinga ya dzimbiri yokhala ndi handulo yodula kuposa mbuzi zawo zonse. Msuweniyo anandiuza mosabisa kuti iye sankafuna kuti abwana apite kusukuluko. "Akasiya kugwa, ife tidya chiyani?"

Koma anapita, atanyengereredwa mwezi wathunthu. Mphunzitsi sanalimbane nawo. Anangowauza kuti adumphe kachulu kena, iye n'kumajambula pa foni. Abwana anadumpha, nabwera akumwetulira, akuti anamva mphepo ikudutsa kunsi kwa matayala. Ataonetsedwa kanemayo, tayala lakutsogolo linali litanyamuka msinkhu wa bokosi la machesi, lakumbuyo silinasiyane ndi dothi ngakhale pang'ono. Anaonera kachiwiri. Anaonera kachitatu. Kenako anafunsa ngati foniyo ili bwinobwino.

Kunena zoona, pa magulu onse, awa ndi amene ndalama ya sukulu imawabwerera msanga, akangolola kuonera kanemayo mpaka kumapeto. Vuto ndi kuwafikitsa pakhomo.

*

Akatswiri enieni ndiwo odabwitsa, chifukwa sachita manyazi. Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsetsereka phiri kanayi: mu 2003, mu 2012, mu 2013 kwawo komweko anthu akwawo akuonerera, ndi mu 2021 ali ndi zaka 39, msinkhu umene anzake amakhala akudandaula msana. Koma anthu a mpikisano umenewu, asanakwere njinga, amayamba atsika njira yonseyo wapansi, kuyang'ana muzu uliwonse ndi mwala uliwonse ngati munthu wogula munda. Katswiri akapita kwa mphunzitsi amapita ndi kona imodzi, n'kuibwereza tsiku lonse kuti apulumutse theka la sekondi.

Mphunzitsi atawauza abwana zimenezi, kuti palibe cholakwa kutsika panjinga n'kuyamba waona malo oopsa, iwo anati: "Iyeyo amatsika chifukwa ali ndi mbiri yoti aiteteze. Ine ndilibe."

*

Bwana ndi dona atamaliza maphunziro anayamba kulota za Cape Epic, mpikisano wa masiku 8 umene unayamba mu 2004. Kumeneko mumapalasa awiriawiri, ndipo lamulo limati musatalikirane kupitirira mphindi 2. Anayeserera Loweruka limodzi lokha. Adona, amene anamvera mphunzitsi kuyambira tsiku loyamba, ankafika pansi pa mtsetse uliwonse n'kumadikira, akumwa madzi. Pobwerera m'galimoto munali zii. Msuweni wanga akuti pa mpikisano umenewu, m'galimoto yonyamula machubu ndi mapampu azisiyamo mpando wa ankhoswe.

*

Masewerawa sanayambe ndi njinga za R100,000. Cha mu 1976, ku Marin County ku California, anyamata ankatsika phiri panjinga zakalekale zolemera, za buleki yopondera kumbuyo. Pofika pansi girizi yense wa mu habu amakhala atapsa, utsi uli tolotolo, ndipo amayenera kupakiramo wina asanatsikenso. N'chifukwa chake mpikisanowo anautcha Repack. Patangotha zaka 20, mu 1996 ku Atlanta, njinga za m'mapiri zinalowa m'masewero a Olimpiki.

Nditamuuza msuweni wanga mbiriyi, sanatekeseke. Iye anakulira ku Zomba, kutsitsa nkhuni kuchokera kuphiri, mtolo wautali kuposa mwini wake, buleki yake ili patapata yopondetsa patayala. "Azunguwo ankapsereza girizi," anatero. "Ife tinkapsereza chidendene. Mendulo yathu ili kuti?"

*

Mwayi wake unafika abwana atathyoka fupa la paphewa, maphunziro ena atalipira kale. Anati ndalama isapite pachabe, apite msuweniyo. Anamuveka chisoti, anamukweza panjinga ija, mphunzitsi nawatengera onse pamwamba pa mtsetse wa miyala kuti aone aliyense ali pati.

Msuweni anatsika ngati mphamba. Anadutsa a gulu lapakati, anadutsa akatswiri awiri, anakhota makona onse maso ali kutsogolo, zidendene pansi, mikono yofewa, zonse zimene anthu aja amalipirira. Mphunzitsi anafika pansi akupuma wefuwefu.

"Bambo, munaphunzira kuti? Simunagwire mabuleki ngakhale kamodzi!"

"Kodi amagwira?" anafunsa msuweni. "Kwathu timaika ongokongoletsa."

Anakwera kachiwiri kuti akawayese. Anawayesa ndi zala zonse, manja onse awiri. Anthu akuti anauluka bwino kwambiri, kuposa mmene abwana ake anadumphirapo chiyambire, ndipo anakatera m'chitsamba cha minga miyendo ili m'mwamba.

Loweruka lotsatira anamuika pabwalo la kapinga, pambali pa bambo wamimba uja, kuphunzira kufinya phwetekere.