Amalume, mbuziyo isiyeni idye msipu

Rosettenville,
Johannesburg.

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi kunyumbako ndi ana onse. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwa Juni kukundigoneka ndi jekete, masokosi ndi chipewa chomwe. Mumati ku Dedza kumazizira. Mudzabwere mudzaone mame atauma gwa pagalasi la galimoto.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndaumvera wonse mpaka bandulo kutha. Mwati buleki ya Corolla ija ikumalowa mpaka pansi, ndipo ikati yagwira, phazi limanjenjemera. Mwatinso mukukayikira mnzanu wa pasiteji uja, choncho ndikutumizireni ndalama ya mbuzi yopita nayo kwa sing'anga. Amalume, ine ndimaswera kunsi kwa magalimoto pagalaja pano (kumudziko pitirizani kuuza anthu kuti ndine manijala), ndipo matenda amenewa ndimawapeza ngakhale pa magalimoto a azungu, omwe alibe mnzawo wa pasiteji.

Galimoto yanu ikudwala matenda awiri. Kufewako n'kwina, kunjenjemerako n'kwinanso.

Tiyambe ndi kufewa. Buleki imagwira chifukwa mafuta ali m'mapaipi safinyika: mukaponda, mphamvu yonse imakafika kumatayala. Koma mpweya umafinyika, ndiye ukalowamo phazi lanu limangoponda mphepo. Mawa m'mawa yesani izi injini ikulira. Pondani kangapo motsatizana. Ikayamba kulimba, muli mpweya. Kenako pondani n'kugwira osasiya. Ikamatsika yokha pang'onopang'ono, mwina mafuta akudontha penapake, apo ayi marabala a mumasita silinda atha. Suzumirani kuseri kwa tayala lililonse, muone ngati panyowa.

Funso langa ndi ili: kuchokera pomwe munaigula, mafuta a mabuleki munasinthapo? Musayankhe, ndikudziwa. Mafuta amenewa amayamwa chinyontho, n'chifukwa chake amafunika kusintha pakatha zaka ziwiri zilizonse. Akachuluka madzi, buleki ikangotentha amawira, ndiye pedulo imapita pansi pa nthawi imene mukuifunitsitsa. Gulani botolo losatsegula la mtundu womwe walembedwa pachivundikiro cha kathanki, DOT 3 kapena DOT 4. Ndamvanso kuti mwana wanu wamkulu uja anathiramo madzi a sopo tsiku lina pobwera ku Salima. Muuzeni kuti galimoto sichapidwa m'mimba.

Kuchotsa mpweya, komwe amakaniko timati kubilida, ndi ntchito ya anthu awiri. Mmodzi akhale pampando, wina akhale kutayala ndi sipanala, kapaipi ndi botolo. Yambani ndi tayala lomwe lili kutali ndi masita silinda, ndiye kuti lakumbuyo kumanzere, mumalizire lakutsogolo kwa dalaivala. Wakunsi akuwe kuti, "Popani! Popani! Gwirani!" Akatero atsegule kanipo pang'ono, mafuta a thovu atuluke, atseke, kenako wapampando achotse phazi. Akachotsa phazi kanipo kasanatsekedwe, mpweya wabwereramo, mwagwira ya bule. Kathanki kasaume, muzithiramo pafupipafupi mpaka mafuta azituluka oyera opanda thovu. Pampandopo muikepo munthu womva, osati mlamu wanu uja amene akamva "gwirani" amayamba kufunsa kuti agwire chiyani.

Tsono kunjenjemera. Apa nkhani ili pa madisiki. Disiki ikadyeka mosafanana, pena ponenepa pena powonda, mapadi amadumphadumpha, ndipo kudumphako n'komwe kumabwera kuphazi lanu. Chiwongolero chikamagwedezeka nawo, vuto lili kutsogolo. Mukamazimva kumpando, yang'anani kumbuyo. Koma mukaponda mwadzidzidzi pamsewu wa fumbi n'kumva phazi likugunda gu gu gu, ameneyo ndi ABS ali pantchito yake, musamuimbe mlandu.

Wolodza madisikiwo ndikumudziwa, ndipo ndi amene akuwerenga kalatayi. Ndani sadziwa kuti pa Khwekhwerere mumatsetsereka giya ili pa fili, phazi lili pabuleki kuchokera pamwamba mpaka ku Golomoti, m'galimoto muli anthu asanu ndi atatu ndi matumba a kachewere? Mumati mukusunga petulo. Petulo wa kapu imodzi mukumugula ndi madisiki awiri. Kunonso tili ndi phiri lotere, Van Reenen's Pass, pamsewu wa N3 wopita ku Durban, ndipo oyendetsa mathiraki amalitsika ndi giya yaing'ono, mwaulemu ngati mkamwini wolowa pabwalo la apongozi. Inunso ikani giya yachiwiri, injini ithandize kugwira.

Pitani nawo madisikiwo kwa anthu a makina akawasikime. Koma asanayambe, ayeze kunenepa kwake. Padisikipo pamalembedwa MIN TH ndi nambala ya mamilimita. Akaonda kufika pamenepo, palibe zosikima, n'kugula ena basi. Musinthe onse awiri, kumanja ndi kumanzere, pamodzi ndi mapadi ake. Pomanga, apale dzimbiri la pahabu kuti disiki ikhale bwino, ndipo manati amangidwe modumphitsa, ili kenako loyang'anizana nalo. Khalidwe lokwera pa sipanala n'kumavinapo lija lithe, nalonso limapotoza madisiki.

Ndalama ndatumiza pa Mukuru. Ndi ya mafuta a mabuleki, mapadi ndi makaniko. Si ya feteleza, si ya chinkhoswe, si yobweza ngongole ya kubanki m'khonde. Mundijambulire lisiti, ndipo galimoto isanyamule munthu mpaka ntchito itatha, chifukwa ndalama ya bokosi kuno ndilibe.

Bulangete lomwe amayi anapempha lanyamuka kale ndi wa thiransipoti, akuti afika sabata ino, kutanthauza mwezi wa mawa. Za foni ya ana asukulu, ayambe akhoza mayeso. Mundiperekere moni kwa agogo, muwauze kuti za ukwati ndamva, ndikuyang'anabe.

Ndine mphwanu,
Manijala wa ku Joni.