Mphepo ya madola 1,999

Pa Songani pano tilipo akatswiri a zinthu zimene sitinazigwirepo. Wina amayendetsa Manchester United ali pabenchi ya telala, wina amaloweza mitengo ya ndege koma pa Chileka sanapondepo. Ine gawo langa ndi graphics card, chipangizo chojambula zithunzi za magemu mukompyuta, makamaka RTX 5090 ya kampani ya Nvidia, imene inatuluka mu Januwale 2025 pamtengo wa madola 1,999. Kubanki ndi ndalama zopitirira K3 miliyoni. Mtengo wa dola wa kuseri kwa sitolo tisautchule, pano pamadutsa ana.

Ntchito yanga yeniyeni ndi yothira nyimbo ndi mafilimu m'mamemole, m'mbali mwa msewu wa Zomba kupita ku Liwonde. Kompyuta ndinagula kwa munthu amene naye anagula kwa munthu. Fani yake inamwalira kalekale, chivundikiro ndinachotsa, ndipo mu Okutobala dzuwa likamaswa mtengo ndimaikupiza ndi katoni ya sopo kwinaku ndikufunsa kasitomala ngati akufuna za kwaya kapena zovina.

Anandiyambitsa matendawa ndi mwana wa mchemwali wanga, wophunzira zauphunzitsi ku Domasi. "Ankolo, taonani zimene anzanu akugwiritsa ntchito," anatero akundipatsa foni. Anzanga ati?

Chinthucho chili ndi memole ya 32 GB. Ndinati nanenso ya 32 ndimagulitsa, mnyamatayo n'kuseka mpaka kutsamira njinga ya eni ake. Akuti yakeyo ndi GDDR7, yothamanga, yosasungiramo nyimbo za maliro. Chabwino. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti ubongo wake ndi kachipu kotha kubisala m'chikhatho, muli matransistala 92 biliyoni, ndipo kadiyo ikagwira ntchito mwamphamvu imadya mawati 575, pafupifupi onsewo n'kusanduka moto. Chithupi chonsecho, zitsulo ndi mafani awiri, ntchito yake ndi imodzi: kukupiza. Imene ine ndimagwira ndi katoni.

Pamwamba pa kachipuko amaika kabokosi kakopa kophwatalala, kotseka ndithu, kochotsedwa mpweya, muli timadzi pang'ono. Kachipu kakatentha, timadzito timasanduka nthunzi, nthunzi imathawira m'mapaipi kupita kozizira, kumene kuli tizitsulo topyapyala tambirimbiri tondandalikana kuti mphepo ya mafani idutsemo. Ikazizira imasandukanso madzi n'kubwerera kukayambiranso. Atafika apa ndinamuimitsa mnyamatayo, chifukwa sayansi imeneyi ndinaiphunzira ndili wa kabudula, kuseri kwa nyumba ya azakhali: mphika pamoto, nthunzi m'paipi, paipi m'madzi ozizira. Ndi kutcheza kachasu kumeneku. Kungoti kwa azakhali madontho sankabwerera mumphika, ankalowa m'botolo, ndipo amene ankatentha mutu ndi makasitomala.

Pakati pa kachipu ndi kopayo, pa mtundu umene Nvidia imapanga yokha, amapakapo chitsulo chamadzimadzi kuti moto uwoloke msanga. Pa kompyuta yanga phala lopaka pamenepo linauma n'kuchita ming'alu, ndipo mnzanga wokonza mawailesi akuumirira kuti tipakepo mankhwala otsukira mano. Ndikuganizirabe, poti mankhwalawo kunyumba amawerengedwa.

Chimanditonthoza n'chakuti olemera nawonso amanunkhiza pulasitiki yopserera. Mkulu wake wa kadiyi, RTX 4090 ya 2022, yodya mawati 450, inamveka mbiri yoti pulagi yake inkasungunuka kwa ena, kampani n'kunena kuti ambiri sankailowetsa mpaka kumapeto. Munthu wotulutsa madola 1,599 kulephera kukankha pulagi! Akanabwera pa Songani tikanamuphunzitsa ndi mawaya awiri ndi kamtengo ka machesi. Ndipo magetsi akathima, monga amachitira kasitomala akangolipira, yawoyo ndi yangayi zimazizira mofanana.

Madzulo ena ndinawafotokozera zonsezi mayi a kunyumba, ndi manja omwe, mpaka kujambula mapaipi pansi ndi kamtengo. Anamvetsera akusankha matemba a ku Chilwa.

"Ndiye abambo, moto wonsewo amaphikira chiyani?"

Ndinati saphikira, mafani amauuluzira kunja.

"Mamiliyoni atatu kugula moto, n'kulembanso ganyu woutaya?" Anandipatsa jumbo. "Makala atha. Mukagule a pamlatho, a pamsika aja ndi fumbi lokhalokha."