Kampira ka nthenga ka a Jere

Chiwauzireni adokotala kuti BP yakwera ndipo mimba yayamba kulowa m'nyumba mwini wake akadali panja, a Jere a ku Area 47 asanduka katswiri wa badminton. Kuthamanga mumsewu adakana, ati aneba angamanene kuti galimoto alanda a banki. Mpira wamiyendo ati ngwa ana. Koma badminton, eee, amenewo ndiye masewera a anthu ophunzira.

Tsiku loyamba lidathera pogula: nsapato zoyera mbee, kabudula, kathaulo kopukutira thukuta lomwe mpaka lero tikulidikira, ndi zomenyera ziwiri za pakaunjika. Neti idasowa, choncho chingwe choyanikapo zovala cha mayi akunyumba chidakwezedwa paudindo. Adachiyeza ndi tepi, mita 1.55, monga likunenera lamulo.

Pa malamulo pokha musawapute. Amadziwa kuti kampirako kali ndi nthenga 16 za tsekwe kapena bakha, kuti gemu imatha pa mapointi 21, kuti poyambitsa umamenyera m'munsi mopingasa, ndi kuti masewerawa adalowa mu Olympics mu 1992 ku Barcelona. Akamwa kamodzi amafika mpaka ku Poona, ku India, kumene asilikali a ku Britain ankasewera kalelo, ndipo amakutchula ngati nkwawo kwa amayi awo.

Vuto nloti kampirako sikadziwa kuti uyu ndi bwana. Kamafuna uthamangire kutsogolo, ubwerere chambuyo, ulumphe, uwerame, mpaka mtima ugunde, mpweya uchite wefuwefu, mafuta nkuyamba kusungunuka. A Jere ndi mnzawo a Mbewe amaima chilili ngati mapolo a magetsi. Kakagwa patali pang'ono:

"Iwe Yohane, tatola!"

"Chabwino, bwana."

Yohane, mnyamata wa pantchito, amasiya khasu, liwiro. Kakakodwa mumtengo wa mango, akwera. Kakagwera kuseri kwa mpanda, alumpha.

Tsiku lina mwera wa mu Juni udakanyamula nkukakatula pakhonde la mayi Nasibeko. Mayiwo ataona chinthu cha nthenga chili ndii pakhomo, adakuwa, nkuitana abusa. A Jere pofika adapeza kampira kawo kathiridwa kale mchere.

"Pepani amayi, nkamasewera chabe."

"Masewera a nthenga, bambo? Nanga usiku mumaseweranso?"

Masiku onse pakatha mphindi 15 amaimika gemu kuti ajambulidwe. Wojambula ndi Yohane yemweyo. Chithunzi chikakwera pa WhatsApp, akuluakuluwo amanyamuka kukabwezeretsa mphamvu ndi kanyenya ndi kabotolo kozizira.

Patha miyezi itatu tsopano. Sikelo ya adokotala yati a Jere awonjezera makilogalamu awiri, ndipo iwo akuti sikeloyo njakufa. Yohane waboola kale mabowo awiri palamba wake. Dzana adapempha kuti amuwonjezereko malipiro poti ntchito yachuluka. A Jere adamuyang'ana modabwa.

"Iwe, ukudziwa kuti anzako ku jimu amachita kulipira?"