Mizimu ya pa foni

Makolo a ku Mzimba amene mumakondwa mwana akakhala phee pa foni, tasuzumiraniko. Masewera a Pokémon, omwe anatuluka ku Japan mu 1996, akuti ndi a ana, ongogwira tizilombo. Komatu m'masewerawa, m'tauni ya Lavender muli nsanja yodzaza manda. Kanyama kotchedwa Cubone kamavala chigaza cha malemu mayi ake ngati chipewa, achibale ali chete. Mzimu wa kanyama kena, Marowak, wophedwa ndi zigawenga za Team Rocket, watseka makwerero a nsanjayo. Amayi ogwidwa mizimu akubwebweta paliponse. Kuno, kuyambira pa Boma mpaka ku Embangweni, ng'oma za vimbuza zikanalira kalekale. Kumeneko amangotumako mwana yekhayekha, timipira togwirira tizilombo m'thumba, ndipo akawagonjetsa amayiwo amamupatsanso ndalama.